INSHUWALANSI YA NYUMBA: ZIMENE IMALIPIRA NDI ZIMENE IMAKANA

Mwezi wa October ukafika, mitima ya eni nyumba ku Chipata, Katete ndi Petauke imakhala m'mwamba. Lupsa limayaka m'thengo, ndipo mvula yoyamba imadza ndi cimphepo cosasula malata. Nyumba imene munthu anamanga ndi ndalama za cimanga ndi nshawa za zaka zisanu ikhoza kuonongeka usiku umodzi.

Ici ndico cifukwa cake ena amagula inshuwalansi. Mu 1968 Boma linakhazikitsa kampani ya Zambia State Insurance Corporation, koma lero makampani ndi ambiri, ndipo onse amayang'aniridwa ndi bungwe la Pensions and Insurance Authority. Ngakhale acuruke motero, lamulo lao ndi limodzi: amalipira zokhazo zolembedwa m'cikalata ca pangano.

Kawirikawiri pangano limateteza nyumba ku ngozi zadzidzidzi: moto, mphezi, namondwe, madzi osefukira, mtengo wogwera denga, kapena galimoto logunda cipupa. Katundu wa m'kati, monga mipando, wailesi, njinga ndi makina osokera, ali ndi gawo lace lapadera. Amene anateteza zipupa ndi denga lokha sadzalandira kanthu pa zobvala zimene zapsa.

Zokanidwa nazonso nzambiri. Ciswe cikadya mitanda, dzimbiri likaboola malata, kapena cipupa cikang'ambika cifukwa ca ukalamba ndi mamangidwe oipa, kampani imati kusamala nyumba ndi nchito ya mwini wace. Moto wotentha dala sulipiridwa. Pa za umbala, mapangano ambiri amafuna umboni wakuti mbala inathyola citseko kapena zenera, pamodzi ndi kalata ya apolisi. Nyumba yosiyidwa yopanda munthu masiku opitirira amene alembedwa m'pangano imataya citetezo cina.

Alimi ayenera kusamala koposa. Cimanga ca m'nkhokwe, ng'ombe za m'khola ndi mbeu za m'munda sizilowa m'pangano la nyumba. Zili ndi inshuwalansi yaceyace. Denga la udzu limakweza mtengo wolipira cifukwa silicedwa kugwira moto, ndipo wobisa zimenezi polembetsa akhoza kumanidwa ndalama zonse tsiku la tsoka.

Msampha wina ndiwo kucepetsa mtengo wa nyumba pofuna kulipira pang'ono. Ngati nyumba yofuna K200,000 kuti imangidwenso yalembetsedwa pa K100,000, ndipo moto waononga zinthu za K40,000, kampani imapereka K20,000 yokha, popeza mwini anateteza theka. Pa ndalama zimenezi imacotsaponso kagawo koyamba kamene pangano limati mwini adzilipirira yekha.

Tsoka likagwa, mwini nyumba adziwitse kampani msanga, asataye zotsala za moto, ndipo aonetse malisiti a katundu wace. Amene analeka kulipira panthawi yace alibe ponena.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munthu asanasaine cikalata, apemphe kuti amuwerengere ndime ya zokanidwa ndi kummasulira m'Cinyanja, mau ndi mau. Nthawi yofunsa ndi ino, denga likali pamwamba.