Kodi mafuta a olivi acokeradi kumene botolo likamba?

Mafuta a olivi, amene m'Baibulo alembedwa kuti mafuta a azitona, afika ndi m'makomboni mwathu. Ena agula cifukwa anamva kuti ndi abwino kwa odwala BP ndi mtima, ena adzola ana, ena apita nawo ku mapemphero. Kabotolo kamodzi nthawi zambiri kadula kuposa cigubu ca saladi. Munthu alipira ndalama zonsezo pokhulupirira zolembedwa pa botolo, makamaka akaona dzina la Italy.

Koma dziko limene lipanga mafuta a olivi ambiri ndi Spain. Makampani a ku Italy agula mafuta ku Spain, Greece ndi Tunisia, nkusakaniza ndi kuthira m'mabotolo. Si mlandu ngati alemba zoona, ndipo kuyambira 2009 lamulo la European Union lifuna kuti botolo la mafuta ochedwa virgin kapena extra virgin lionetse kumene anacokera. Nanga wina akanama, agwidwa bwanji?

Mboni yake ndi mvula. Madzi apangidwa ndi oxygen ndi hydrogen, ndipo mwa timbewu tosaoneka ta zinthu zimenezi muli tina tolemerako pang'ono kuposa tinzake, monga mmene nshawa za m'thumba limodzi sizilemera cimodzimodzi. Asayansi ati timeneti ndi ma isotope. Tochuka pa nchito iyi ndi oxygen-18, hydrogen-2 ndi carbon-13. Musaope dzina. Timeneti sitiola kapena kutulutsa mphamvu yoononga thupi, ndipo tili m'madzi amene mwamwa lero.

Mitambo ikacoka ku nyanja, madzi olemera ndiwo ayamba kugwa. Conco mvula ya m'mbali mwa nyanja ndi ya kumalo otentha ikhala ndi oxygen-18 wambiri, pamene ya kumtunda, kumapiri ndi kozizira ikhala ndi wocepa. Mtengo wa olivi umwa madzi a pamalo pamene unamera, ndipo cizindikiro ca madziwo cilowa m'mafuta. Cilala naco cisiya cidindo cake. Mtengo ukamva ludzu, masamba atseka timabowo topumira, ndipo carbon-13 aculukirapo m'cipatso.

Ku labu atenga kadontho ka mafuta, akaocha mpaka kasanduka mpweya, ndipo makina ochedwa mass spectrometer ayeza kuculuka kwa timbewu tolemera. Zotuluka aziyerekeza ndi za mafuta amene adziwika bwino munda wake. Bungwe la Fondazione Edmund Mach, ku San Michele all'Adige kumpoto kwa Italy, lacita kafukufuku wotere kwa zaka zambiri.

Njira iyi ili ndi polekezera. Mvula isintha caka ndi caka, motero zoyerekezera zifunika kusonkhanitsa nyengo iliyonse, ndipo maiko awiri a nyengo yofanana angapatse zotuluka zofanana. Makinawa akhoza bwino kunena kuti mafuta awa sanacokere uko, kusiyana ndi kuloza mudzi weniweni. Mafuta a cimanga akathiridwamo agwidwa msanga, cifukwa cimanga ndi nzimbe zisunga carbon-13 wambiri kuposa olivi. Koma a sunflower kapena a soya afuna kupima kwa mtundu wina.

Wina angati iyi ndi nkhani ya olemera. Ife a m'cipatala tiiona mosiyana. Mu May 1981, ku Madrid ndi madera ozungulira, anthu anayamba kubwera m'zipatala ndi befu, cifuwa, kutentha thupi, zidzolo ndi kuwawa kwa minofu. Madokotala poyamba anaganiza kuti ndi cibayo. Pambuyo pake kunapezeka kuti anadya mafuta a mbewu ya rapeseed amene anathiridwa mankhwala a aniline kuti akhale a m'mafakitale okha. Amalonda anawayenganso ndi kuwagulitsa mochipa m'misewu ndi m'misika, m'zigubu za malita 5 zopanda cipepala, nkumati ndi a olivi. Anthu pafupifupi 20,000 anadwala, oposa 300 anamwalira, ndipo ambiri anatsala olemala. Ogula anali mabanja a anchito wamba, ofuna kupulumutsa ndalama monga ife tomwe.

Cinyengo cikula mtengo ukakwera. Cilala ca 2022 cinacepetsa zokolola za Spain ndi theka, mitengo inakwera kwambiri, ndipo kumapeto kwa 2023 apolisi a Spain ndi Italy analanda malita oposa 260,000 a mafuta osayenera kudya.

Pakhomo mulibe makina aja, ndipo zoika botolo mu firiji kuti muone ngati mafuta agwirana si umboni wodalirika. Gulani botolo lotsekedwa ku fakitale, lolembedwa dziko, dzina la kampani ndi tsiku lotha nchito. Mafuta a olivi opungulira m'tumabotolo twakale, kapena ochipa modabwitsa, asiyeni. Ngati ndalama sizikwana, saladi wa sunflower kapena wa nshawa wotsekedwa bwino, wothira pang'ono m'ndiwo, ndi wokwana. Ndipo inu odwala BP, mafuta a olivi ngakhale acokeredi ku Italy salowa m'malo mwa mapiritsi anu. Pitirizani kumwa ndi kubwera ku kiliniki pa tsiku lanu.