Ulendo Wokaona Nyama ku Majete: Mawu kwa Achikumbi

Achikumbi ambiri akamva za ulendo wokaona nyama, umene alendo amautcha safari, amayesa kuti ndi masewera a Azungu ndi anthu achuma. Ena amaseka nanena kuti munthu wanzeru sangatulutse ndalama kuti akaone njovu, pamene njovu yomweyo imabwera yokha kumunda usiku popanda woiitana. Ife alangizi sitinyoza mawu amenewa, pakuti tidziwa chimene chimatsala m'munda wa mapira njovu zikadutsamo. Komabe tifuna kuti tikambirane za Majete, nkhalango ya nyama ya m'boma la Chikwawa, chifukwa mbiri yake ikhudza khasu ndi nkhokwe koposa mmene ambiri aganizira.

Boma linapatula Majete m'chaka cha 1955, ndipo kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 70,000. M'zaka za m'ma 1980 nkhalangoyi inagwa m'manja mwa opha nyama mobisa, otema mitengo ndi otentha makala. Pofika 1992 munalibenso njovu ngakhale imodzi, ndipo chipembere ndi mkango zinali zitatha kale. Nanga midzi yozungulira inalemera nazo? Iyayi. Nyama inadyedwa, minyanga inapita kutali, makala anapsa, ndipo anthu anatsala monga analili, koma tsopano opanda mitengo imene inkagwira nthaka m'mapiri.

M'chaka cha 2003 Boma linapangana ndi bungwe la African Parks kuti lisamale malowa. Chaka chomwecho anabwezamo zipembere, mu 2006 anabweretsa njovu kuchokera ku Liwonde, ndipo mu 2012 mikango inafika kuchokera ku South Africa. Koma nkhani yoyenera kuti mlimi aikumbukire ndi ya mu 2009. Ku Phirilongwe, m'boma la Mangochi, njovu zinkakhala pakati pa midzi popanda mpanda. Zinkatha minda, zinkapha anthu, anthunso nkumazilasa. Chaka chimenecho njovu 83 zinagonekedwa ndi mankhwala, zinakwezedwa pa magalimoto aakulu ndi kutulidwa ku Majete. Njovu zomwe zija, zimene zinali tsoka ku Mangochi, ku Chikwawa zinasanduka chinthu chimene alendo amawolokera nyanja kudzachiona. Chimene chinasintha si mtima wa njovu ayi, koma mpanda wa magetsi wozinga nkhalango yonse. Zinaswana kotero kuti mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota.

Ulendo wake si wovuta. Kuchokera ku Blantyre mutsata msewu wa ku Chikwawa, mutsika mapiri okhotakhota, muwoloka Shire, ndipo mutapitirira pa boma la Chikwawa mufika pa chipata, pafupi ndi mathithi a Kapichira. Pamenepa ndi pamene sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira m'chaka cha 1859. Nyengo yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira Julayi kufikira Okutobala, pamene udzu wauma ndipo nyama zisonkhana kumene kuli madzi. Mwamwayi, imeneyi ndiyo nthawi imene nkhokwe zadzaza ndipo thonje lagulitsidwa. Mtengo wolowera wa Amalawi ndi wochepa poyerekeza ndi wa alendo akunja, choncho kalabu ya alimi kapena sukulu ingathe kusonkherana ndi kubwereka galimoto limodzi. Lawirirani m'mamawa, pakuti dzuwa la ku Chigwa cha Shire likakwera nyama zibisala m'mithunzi, ndipo mudzangoona mitengo ndi fumbi.

Mudzaona njati, mbidzi, mphalapala, ngoma, nswala ndi njiri zothamanga michira ili m'mwamba. Mumtsinje mvuu ndi ng'ona. Mkango ndi nyalugwe n'zamwayi, musakwiye mukapanda kuziona. Ana ambiri a m'midzi yathu amadziwa njovu m'nthano zokha ndi pa zithunzi za m'mabuku, ndipo n'chamanyazi kuti mwana wa ku London aione msanga kuposa mwana wa ku Chapananga.

Ife tipempha kuti mukapenyenso pansi. Mlendo amayang'ana nyanga ndi mano, koma mlimi ayang'ane nthaka. Taonani mmene udzu ndi masamba ogwa zaphimbira dothi, ndi kuchepa kwa zigwembe m'malo otsetsereka. Kenaka, potuluka pa chipata, yerekezani ndi mapiri a kunja kwa mpanda. Mvula ndi imodzimodzi, dzuwa ndi lomwelo. Zimene timalankhula chaka ndi chaka za akalozera, za kuleka kutentha mapesi ndi za kusiya mitengo m'mbali mwa mitsinje, kumeneko mudzaziona ndi maso popanda mlangizi wokuuzani.

Tisabise kuti kukhala pafupi ndi nyama kuli ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi mlimi, osati mlendo. Njovu yaikulu imadya chakudya cholemera makilogalamu pafupifupi 150 pa tsiku, ndiko kuti kulemera kwa matumba atatu a chimanga. Anyani salemekeza mpanda, nguluwe zimakumba pansi pake, ndipo madzi osefukira angathe kuugwetsa powoloka mitsinje. Chifukwa chake munthu wodula waya wa mpanda kuti akapange misampha salakwira Boma lokha. Watsegulira njovu njira ya kumunda wa mbale wake. Mukaona pamene mpanda wawonongeka, uzani amfumu ndi agemu tsiku lomwelo. Midzi ya m'malire iyeneranso kufunsa mosaopa za gawo lake: ntchito za ulonda ndi za m'nyumba za alendo, chilolezo chomweta udzu wofolera pa nyengo yake, ndi chithandizo cha ulimi wa njuchi. Uchi uli ndi msika, ndiponso njovu zimaopa njuchi, monga anaonetsera alimi a ku Kenya amene amapachika ming'oma m'malire a minda yawo.

Mukalowa m'nkhalango, mverani wokutsogolerani. Musatsike m'galimoto kufikira atakulolani, musafuule, musaponyere nyama chakudya, ndipo musayandikire njovu ya mwana. Osuta fodya asataye moto. M'mbali mwa Shire musasambe kapena kutunga madzi, chifukwa cha ng'ona. Tengani madzi akumwa okwanira, chipewa ndi kamba wa panjira, ndipo aphunzitsi apatse ana mapepala ndi mapensulo kuti alembe mayina a nyama ndi mitengo imene aona, kuti pobwera akawafunse agogo awo mayina amene iwo sanawadziwe.