Makina Otchetchera Kapinga Akakana Kulira

Anzanga, kuno kusukulu udzu timalimbana nawo ndi chikwakwa, makamaka tikafika mochedwa. Koma ku Lilongwe, m'mipanda ya ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, ngakhalenso pa maofesi ena a ku City Centre, kapinga amamutchetcha ndi makina a petulo okankha ngati wilibala. Kumeneko amati lonimowa, koma musaganize za mowa wamasese ayi.

Amalume anga amasamalira pabwalo pa nyumba ina ku Area 43, ndipo pa holide ndimakawathandiza. Makinawa akakana kulira si nkhani yoseketsa. Kapinga amakula, abwana amayamba kukayikira wantchito, mwinanso kumudula malipiro kuti alipire makaniko. Chonsecho nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono. Amalume anandiphunzitsa kuti injini imafuna zinthu zitatu: petulo, mpweya ndi moto. Chimodzi chikasowa, olo mukoke chingwe mpaka phewa kuwawa, siilira.

Musanagwire chilichonse, zulani kaye waya wa pa pulagi. Mpeni wa pansi uja ukazungulira ndi dzanja, injini ikhoza kulira mwadzidzidzi, zala n'kutsala pa kapinga.

Choyamba, onani petulo. Alimo m'thanki? Nanga ndi wa liti? M'chilimwe kapinga wosathirira sakula, ndiye makina amangokhala m'galaja miyezi ingapo mpaka mvula ya mu Novembala kapena Disembala. Petulo akakhalitsa chonchi amasiya zomata ngati manyuchi m'timabowo ta kabuleta, kachipangizo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya. Komanso petulo wa kuno ku Malawi amamusakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Wa m'zigubu uja, amene anthu amagula mafuta akasowa, nthawi zina amabwera ndi zitsotso. Khuthulani wakaleyo, thirani watsopano. Zikakanikabe, masulani kambale ka pansi pa kabuleta n'kukatsuka ndi petulo woyera, kutali ndi mbaula kapena munthu wosuta.

Chachiwiri ndi mpweya. Fumbi la mu Okutobala mukulidziwa. Limatseka fyuluta, injini n'kumabanika ngati munthu wa chimfine. Fyuluta ikakhala ya siponji, ichapeni ndi sopo, iume bwinobwino, kenako mudonthezepo oyilo pang'ono. Ya pepala sachapa: mumangoigogoda, ndipo ikada kwambiri mumagula ina. Mukamapendeketsa makina, mbali ya fyuluta iziyang'ana kumwamba, apo ayi oyilo atsikiramo n'kuinyowetsa.

Chachitatu ndi moto, umene umachokera pa pulagi. Imasuleni ndi sipanala yake n'kuiyang'ana kunsonga. Ikakhala yakuda ndi mwaye, ipaleni ndi kabulashi ka waya. Ikanyowa ndi petulo, ndiye kuti injini yamwa wambiri. Ipukuteni, dikirani mphindi 15, muyesenso osatseka tchoko. Mpata wa kunsonga kwa pulagi pa injini zambiri zoterezi, monga za Honda ndi Briggs & Stratton, umakhala mamilimita 0.7 mpaka 0.8. Pulagi yosweka ilibe mankhwala. Itengeni popita ku mashopu a sipeya ku Old Town, cha ku Malangalanga, kuti akupatseni ya nambala yomweyo, osati kungoti "ndipatseni pulagi" basi.

Palinso tina timene anthu amaiwala. Makina ambiri ali ndi kachitsulo pa chogwirira kamene umayenera kukafinya pokoka chingwe. Ukakasiya, moto subwera. Chingwe chikamalimba, onani pansi, mwina udzu wauwisi waunjikana n'kugwira mpeni. Onaninso oyilo ndi kandodo kake, chifukwa injini yopanda oyilo imapsa, ndipo apo ndiye ndalama zambiri zedi.

Nanga makaniko timamufuna liti? Ngati mpeni unamenya mwala kapena chitsa injini n'kuzima pompo, kapena chingwe chikungobwera mopepuka ngati mulibe kanthu m'kati, vuto lalowa m'mimba mwa injini. Pamenepo musamasule zinthu mongoganizira.

Mwina wina akuti, "Ife akumudzi zikutikhudza chani, kapinga tilibe?" Taonani pampu ya petulo yothirira kudimba, kapena jenereta ya pa shopu yoonetsa mpira. Injini zake n'zapachibale ndi iyi, ndipo zimadwala matenda omwewo. Pampu ikakana kulira mu Seputembala tomato akufota, woyamba kufunsa za petulo, mpweya ndi moto akhoza kupulumutsa dimba lonse. Bwanji woyambayo asakhale iwe kapena ine wa Fomu 2?