Galasi Loonetsa Woyendetsa Ndeke Njira Mumtambo

M'miyezi ya September ndi October, pamene utsi wa lupsa waphimba cigwa ca Luangwa, ndeke zazing'ono zopita ku Mfuwe zimauluka m'cimbuuzi. Woyendetsa nthawi zina saona pamene dziko lathera ndi pamene thambo layambira, ndipo apa ndi pamene pagona ngozi.

Cobvuta ndi thupi la munthu. M'kati mwa khutu muli timadzi timene timauza munthu ngati ali woongoka kapena wapendekeka. Ndeke ikakhota pang'onopang'ono kwa nthawi, timadzito timakhazikika, ndipo woyendetsa amayesa kuti zonse ziri bwino pamene ndekeyo ikuzungulira kulunjika pansi. Mu 1954, akatswiri a pa University of Illinois ku America anayesa oyendetsa 20 amene sanaphunzire kuuluka podalira zipangizo zokha. Atawatsekereza kuti asaone kunja, ndeke inali kuwapulumuka pa avareji ya masekondi 178, mphindi zosakwana 3.

Kwa zaka zambiri woyendetsa anali kudalira zipangizo 6 zooneka ngati nkoloko. Cina cinali kuonetsa liwiro, cina kutalika kwa m'mwamba, cina kumene ndeke yalunjika. Iye anafunika kuyendetsa maso pa zonsezi ndi kulumikiza nkhani yake m'mutu. Coopsa cinali cakuti pampu yozunguza zina mwa izo ikafa, cipangizo cinali kunama mwakacetecete, osacenjeza.

Kuyambira ca m'ma 2003, opanga ndeke zazing'ono monga Cirrus, kenaka Cessna, anayamba kuika magalasi awiri onga a wailesi ya kanema. Lina limaonetsa mzere waukulu wolekanitsa thambo lobiriwira ndi nthaka yofiirira, pamodzi ndi liwiro ndi kutalika. Linalo ndi mapu oyenda, otsogozedwa ndi GPS. Phiri limene ndeke ingagunde limasanduka lacikasu, likayandikira kwambiri lofiira. Mbali ina ikaonongeka, pamabwera mtanda wofiira kuti woyendetsa asaikhulupirirenso. Mu 2008 kampani ya Garmin inaonjeza cithunzi cojambulidwa ndi kompyuta, coonetsa mapiri, mitsinje ndi bwalo lotera monga mmene zingaonekere dzuwa litawala, ngakhale kunja kuli mdima.

Kodi imfa zinacepa? Mu 2010 bungwe lofufuza ngozi ku America, la NTSB, linaunika ndeke zazing'ono zoposa 8,000 zopangidwa kuyambira 2002 kufika 2006. Linapeza kuti za magalasi zinali kucita ngozi zocepa, koma ngozi zakupha anthu zinali zoculukirapo kuposa za ndeke za nkoloko. Cifukwa cina n'cakuti za magalasi zinali kuyenda maulendo atali, nthawi zina m'nyengo yoipa, pamene zambiri za nkoloko zinali zophunzitsira pafupi ndi bwalo. Cinanso n'cakuti magalasi a kampani iyi amasiyana ndi a kampani ina, ndipo oyendetsa ena sanadziwe cocita galasi likayamba kubvuta. N'zosadabwitsa: munthu amene wazolowera kuuzidwa zonse amacedwa kuzindikira pamene womuuzayo waleka.

Bungwelo linapempha kuti mafunso a magalasi alowe m'mayeso a oyendetsa, ndi kuti aliyense aphunzire mtundu weniweni wa galasi la m'ndeke yake. Pambali pa magalasiwo opanga amaikabe zipangizo zapadera zoonetsa liwiro, kutalika ndi kupendekeka, zoti woyendetsa atembenukireko galasi likazima.