NYIKA: DZIKO LOZIZIRA LA PAMWAMBA PA MAPIRI

Munthu ali yense wogwira nchito pansi pa mgodi adziwa kuti keji ikamka nitsika, kutentha nakonso kumamka nikukula. Koma si onse adziwa kuti wokwera phiri amaona zosiyana ndi zimenezi. Munthu akakwera mamita 1,000, mpweya umazizira ndi madigiri ngati 6. Mizinda ya Kitwe ndi Lusaka iri pa mamita ngati 1,300 pamwamba pa nyanja yamcere. Tsono kumpoto ca kum'mawa kwa Zambia, m'malire a Malawi, kuli dziko lina lokwezeka kupambana mizinda imeneyi ndi mamita ena 1,000, ndipo kumeneko cisanu cimayera pa udzu m'mawa m'miyezi ya June ndi July. Dzikolo dzina lace ndi Nyika.

Dziko la maiko awiri

Nyika si phiri losongoka ai, koma ndi dziko lalikuru lokhala pamwamba pa mapiri, monga thebulo. Gawo lace lalikuru liri m'Malawi, kumene Boma linalipatula kukhala malo osungiramo nyama m'caka ca 1965, ndi kulikuza mu 1978 kufikira linapitirira masikweya kilomita 3,000. Gawo la Zambia ndi laling'ono, masikweya kilomita 80 okha, ndipo linapatulidwa mu 1972. M'caka ca 2015 maiko awiriwa anasaina pangano la kusungira pamodzi nyama ndi nkhalango za m'malire ao, pakuti mbidzi sidziwa malire.

Cozizwitsa ndi cakuti munthu wa m'Zambia wofuna kufika ku gawo la dziko lace pa galimoto ayenera kulowa m'Malawi poyamba. Ambiri amadzera ku Lundazi, Mzimba ndi Rumphi. Kucokera ku Rumphi msewu ukwera kupyola pa cipata ca Thazima kufikira ku Chelinda, pakati pa Nyika, pamene pali nyumba za alendo. Ulendowo upitirira makilomita 100, mbali yaikuru ya msewu ndi yafumbi, ndipo m'malo ena msewu womwewo ndiwo malire a maiko awiriwa.

Maonekedwe ace

M'munsi muli thengo la mitengo ya mombo ndi misuku, longa limene anthu azolowera kwao. Pokwera, mitengo imamka nicepa, kufikira mlendo aturukira poyera. Pamenepo aona zitunda za udzu waufupi, cina kutsogolo kwa cinzace, kufikira kumene maso alekeza. Mitengo yatsala m'zigwa mokha, m'timagulu tobiriwira tonga zisumbu, m'mene moto wa chire sufika.

Popeza udzu ndi waufupi, nyama zimaoneka ziri kutali. Kuli mbidzi, nchefu, acilembwe, mphoyo, mbawala ndi njiri, ndiponso afisi ndi akambuku oyenda usiku. Njobvu zimakonda zigwa za m'munsi, ndipo mu 2017 njobvu zina 34 zinatengedwa ku Liwonde kudzaonjezera zimene zinalipo. Mitundu ya mbalame ipitirira 400.

Pa Chelinda pali nkhalango ya mitengo ya paini, imene si yobadwira kumeneko. Mu 1949 Mzungu wina, Laurens van der Post, anatumidwa kukayendera Nyika ndi kuona nchito imene dzikolo lingagwire, ndipo m'zaka zotsatira mitengoyo inabzalidwa moyesa. Nchitoyo siinapite patsogolo cifukwa malowo ali kutali ndi misika, koma mitengo inatsala.

Maulendo a tsiku limodzi

Wa pa galimoto amaona Nyika pang'ono cabe, cifukwa zokoma zace zambiri ziri kumene msewu sufika. Woyamba kumene acita bwino kuyesa maulendo aafupi. Kufupi ndi Chelinda kuli kanyanja ka Kaulime, kamene sikanakumbidwe ndi anthu. Makolo a dzikolo anali kukaopa kanyanjaka, ponena kuti muli cinjoka cacikuru, ndipo anali kuperekapo nsembe. Madzulo nyama zimadza kudzamwa pamenepo.

Ku gawo la Zambia kuli nkhalango ya Chowo. Munthu acoka pa udzu wowala ndi dzuwa, ndipo atayenda mapazi owerengeka ali mumdima, pansi pa mitengo yaitari yokutidwa ndi ndere, anchima ali kudumpha pamwamba pace. Kucokera m'mphepete mwa Nyika ca kumadzulo munthu amapenya dziko la Zambia liri tambasu kunsi kwace, kulinga ku cigwa ca Luangwa.

Wofuna mathithi atsikire ku Chisanga, kumene mtsinje wa North Rukuru ugwa pocoka pamwamba pa Nyika. Kutsika nkosabvuta, koma pobwerera mpamene munthu amadziwa mphamvu ya miyendo yace. Wofuna zakale apite ku thanthwe la Fingira, ca kumwera, kumene kuli phanga m'mene munapezeka zida za miyala ndi mafupa a anthu a makedzana. M'malo ena mukali ng'anjo zakale, m'mene anthu anali kusungunula citsulo ca makasu ndi mikondo kale-kale migodi ya Nkana ndi Mufulira isanakumbidwe.

Nsonga yoposa zonse ndi Nganda, ya mamita ngati 2,600. Kukwera kwace sikufuna zingwe kapena luso, koma mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, kotero kuti ngakhale mnyamata wamphamvu amapuma wefu-wefu. Kukakhala kopanda utsi kapena mitambo, woima pa Nganda amaona Nyanja ya Malawi, ndi mapiri a ku Tanzania kutsidya kwace.

Masiku atatu kumka ku Livingstonia

Ulendo womveka kupambana yonse ndi wocokera ku Chelinda kumka ku Livingstonia. Ambiri amauyenda masiku atatu, nagona kawiri pa njira. Tsiku loyamba liri la pa udzu, kukwera ndi kutsika zitunda pakati pa mbidzi ndi acilembwe, kulinga kum'mawa. Pambuyo pace dziko litha mwadzidzidzi, ndipo njira iyamba kutsetsereka. Apa mpamene maondo amalira. Woyenda apyola m'nkhalango, aoloka mitsinje ya madzi ozizira, nalowanso m'thengo la mombo, ndipo kutentha kumamka nikubwerera. Potsiriza afika m'midzi ya Aphoka, anthu olima pa mapiri otsetsereka, pakati pa minda ya nthoci ndi khofi. Motero m'masiku atatu munthu aona maiko atatu: la udzu, la nkhalango ndi la minda.

Livingstonia ndi mishoni imene Dr. Robert Laws anaikhazika pa phiri la Khondowe mu 1894, atabvutika ndi malungo ku Cape Maclear ndi ku Bandawe, m'mphepete mwa nyanja. Anthu a m'Zambia ali naco cifukwa cokumbukira malowa, pakuti Bambo David Kaunda, atate ao a Dr. Kenneth Kaunda, anaphunzira kumeneko asanatumidwe ku Chinsali. Pafupi pali mathithi a Manchewe, akugwa mamita oposa 100. Amene mphamvu zikalipo angathe kutsika ndi msewu wokhota-khota, wa makona ngati 20, kufikira ku Chitimba, nakasambitsa mapazi ao m'nyanja.

Zoyenera kusamala

Cinthu coopsya pa Nyika si kambuku ai, koma nkhungu ndi kuzizira. Nkhungu imadza msanga, ngakhale masana, ndipo popeza zitunda zonse zifanana, mlendo sakhalira kusokera. Cifukwa cace lamulo liti woyenda ulendo wautari aperekezedwe ndi mlonda wa nyama wonyamula mfuti, amene adziwa njira ndi pogona. Safunsa anadya phula. Nkhungu ikagwa, canzeru ndi kuima pamodzi ndi kudikira kufikira kutayera.

Woyenda anyamule jekete lokhuthala, mabulangete kapena thumba logonamo, tenti, cobvala ca mvula, ufa ndi ndiwo zokwanira, pakuti pa njira palibe sitolo. Nsapato zikhale zozolowereka, cifukwa zatsopano zimacititsa matuza tsiku loyamba lomwe. Dzuwa la pamwamba limaocha khungu ngakhale mphepo iri kuzizira, motero cipewa ncofunika. Amtengatenga amapezeka, ndipo malipiro ao ayenera kupanganidwa ulendo usanayambe.

Nyengo yabwino yoyenda ndi kuyambira May kufikira October. M'miyezi ya September ndi October utsi wa moto wa chire umabisa zakutali. M'dzinja misewu imaterera, koma ndiyo nyengo ya maluwa.

Madzi, moto ndi cikanda

Kodi anthu a m'tauni ziwakhudza bwanji izi? Coyamba ndi madzi. Madambo a pa Nyika amamwa mvula ya dzinja ndi kuiturutsa pang'ono-pang'ono caka conse. Mitsinje ya kum'mawa itsikira ku Nyanja ya Malawi, ndipo umodzi wa iyo, Wovwe, umapanga magetsi. Ina ya kumadzulo itsikira ku Luangwa. Moto wa mu October, woyatsidwa ndi osaka nyama, umadya m'mphepete mwa nkhalango za m'zigwa caka ndi caka, ndipo nkhalango ikatha, kasupe wa m'kati mwace amafooka. Ncifukwa cace alonda amaocha udzu msanga, usanaumitsitse, kuti moto waukali ukasowe podzera.

Caciwiri ndi cikanda, cimene cimagulitsidwa m'misika ya Lusaka, Ndola ndi Kitwe. Ambiri amene amacikonda sadziwa kuti cimacokera ku timbatata ta pansi pa maluwa a kuthengo, amene Azungu amawacha orchid. Pa Nyika pali mitundu ya maluwa amenewa yoposa 200. Kale amai anali kukumba tocepa ta pakhomo pao, koma cikanda citasanduka malonda a m'matauni, madambo ambiri a m'Zambia anaperewera, ndipo okumba anayamba kufika ku mapiri a kumwera kwa Tanzania ndi ku Nyika komwe, ngakhale kuli koletsedwa. Kambatata kakakumbidwa duwa lisanabale mbeu, caka ca mawa pamalopo sipamera kanthu.

Osauka amene amakumba sayenera kunyozedwa msanga. Pamene malo a nyama anakuzidwa mu 1978, midzi yambiri inasamutsidwa, ndipo anthu anasiya minda ndi manda a makolo ao. Ana ao ndiwo akhala m'mphepete mwa Nyika lero. Mlendo amene alemba wamtengatenga, nagula nthoci ndi nkhuku m'midzi ya pa njira, nalipira msonkho wa pa cipata, athandiza kuti anthu amenewa aone phindu la maluwa ndi nyama zamoyo.

Tsono wanchito amene masiku ace opuma ayandikira angathe kuganizira za ulendo umenewu. Apangane ndi anzace atatu kapena anai, asonkherane ndalama za galimoto, atenge mapasipoti ao, ndipo afunsiretu za msewu ndi mitengo ya pa cipata asananyamuke. Koposa zonse asaiwale jekete.