"Chinja channel!": Komboni yalema na nyuzi za ndale

Pa Chiweru madzulo, mu barbershop ina ku Chawama, malaiti anali atangobwera. Makina ometera analira onse pamodzi, mafoni asanu analimbirana adaputa imodzi, ndipo ka TV kopachika pakona kanayaka. Inali 19 hours, nthawi ya nyuzi. Nkhani yoyamba inali ya wandale amene anali kuyankha wandale mnzake, amene nayenso dzulo lake anali kuyankha zimene woyamba uja anakamba pa Chitatu.

"Iwe mufana, chinja channel," anakuwa mudala wina ali na thaulo m'khosi. "Aba bantu tinabamvela kudala."

Mufana uja anaika bola. Palibe amene anadandaula, ngakhale mnyamata amene anavala t-shirt ya chipani, ija yaulere ya 2021 imene manje yasuluka mpaka nkhope ya pachifuwa sioneka bwino.

Ine nchito yanga ni kulemba za ma show, ma album launch ndi za amene asiyana ndi ndani. Koma mawu aja akuti "chinja channel" ndawamva kambiri chaka chino: mu saluni, mu basi ya ku Matero pamene kondakita apempha ba driver kuchotsa wailesi, ngakhale kunyumba kwathu. Anthu alema. Funso ni lakuti alema ndi chiyani maka-maka, ndipo kulema kumeneku kutidyera zingati.

Sikuti sitisamala

Aliyense amene akamba kuti achinyamata a m'komboni alibe nazo nchito za dziko, aiwala msanga. Pa 12 August 2021 anthu anaima pa mizere kuyambira kusanache. Tsiku lomwelo WhatsApp ndi Facebook zinaleka kusebenza bwino, ndipo ambiri aife tinaphunzira mawu akuti VPN tili pa mzere. Pa anthu khumi alionse olembetsa, pafupifupi 7 anavota. Hakainde Hichilema anapeza mavoti pafupifupi 2.8 miliyoni, Edgar Lungu pafupifupi 1.8 miliyoni. Anthu osasamala sachita zotere.

Kuchokera apo pali zimene zinachitika zooneka. Mu 2022 mafizi a ku masukulu a boma anachotsedwa, ndipo aphunzitsi oposa 30,000 analembedwa nchito. Palinso zimene zinatipweteka. Kumayambiriro kwa 2024 kolera inakula mpaka Heroes Stadium inasanduka chipatala, ana anakhala kunyumba mpaka February. Chaka chomwecho mvula inakana, madzi ku Kariba anatsika, ndipo panali nthawi imene malaiti anali kubwera maola atatu chabe pa tsiku. Wometa, wowotcherera ma geti, mai wogulitsa ma freezit, onse anagona ndi njala ya bizinesi.

Manje yanganani zimene zinadzaza mafoni athu pa nthawi imodzimodziyo. Kuyambira October 2023, nkhani ya amene ali mwini weni-weni wa chipani cha PF yakhala ili kulowa ndi kutuluka m'makhoti. A Lungu atamwalira ku Pretoria pa 5 June 2025, mkangano wa kumene adzaikidwa unatenga miyezi. Maliro ni maliro, ndipo nkhani izi n'zofunika kuzilemba. Koma munthu amene wauka 04 hours kukaoda tomato ku Soweto akafika kunyumba, afuna kumvako nkhani imodzi yokhudza iye. Akaipeza kulibe lero, mailo kulibe, mkuja amaleka kuifuna.

Amene amatseka pakamwa amachinja, loko ni imodzi

Mbali ina ya kulemaku ichokera ku mbiri imene tonse tinaona ndi maso. Mu June 2016, ZRA inatseka nyuzipepala ya The Post pa nkhani ya misonkho, kutatsala milungu yochepa kuti masankho achitike. Mu August chaka chomwecho, bungwe la IBA linaimitsa malaisensi a Muvi TV ndi Komboni Radio. Mu April 2020 Prime TV inazimitsidwa, ndipo inabwerera pambuyo pa masankho a 2021.

Boma ya a Hichilema inachotsa lamulo la kunyoza mtsogoleri wa dziko mu December 2022, ndipo mu December 2023 inasaina lamulo la Access to Information limene atolankhani analilirira zaka zoposa 20. Izi n'zoona ndipo n'zabwino. Koma mu April 2025 kunabweranso malamulo atsopano a za pa intaneti, ndipo maloya ndi mabungwe a atolankhani anadandaula kuti angagwiritsidwe nchito kuyofya anthu okamba maganizo awo.

Nkhani ya ZNBC, Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail, zimene mwini wake ni boma, ngakhale mwana wa Grade 9 aidziwa. Chipani chikakhala kunja chimalira kuti sichioneka pa TV ya dziko. Chikalowa mu State House, kulira kuja kumapita kwa amene atuluka. Munthu ukaona filimu imodzi katatu, ungochinja ochita sewero, sufunikanso kuuzidwa mwamene ithera.

Ka envelopu kochedwa blalizo

Apa lekani ndiulule za kwathu, chifukwa ife atolankhani sitili oyera. Mu nchito yathu muli mawu akuti blalizo. Ni ndalama imene oitanitsa msonkhano amapatsa atolankhani pothera, ati ya transport.

Ndili pa attachment, ndisanamalize diploma, ananituma ku msonkhano wa wandale wina opanda ngakhale ya basi. Ndinayenda ndi mendo theka la njira. Pothera panabwera pepala losainapo, ndi ka envelopu. Ndinatenga. Nkhani imene ndinalemba madzulo aja inalibe bodza, koma funso limodzi limene ndinali nalo m'kabuku, la ndalama za msewu umene unalonjezedwa, sindinalifunse. Palibe amene ananiletsa. Manyazi chabe a munthu amene wadya za mwini.

Umu ni mwamene nyuzi zimapendekera popanda aliyense kunama. Ma newsroom ambiri alibe motoka, alibe mafuta, ndipo ena malipiro amachedwa. So mtolankhani amayenda kumene kuli ya transport. Wandale ali ndi hotelo, maikolofoni ndi envelopu. Ngalande yotsekeka ku Kanyama siitana msonkhano wa atolankhani, ndipo siipereka blalizo. Imadikira mvula ya January, madzi alowe m'nyumba za anthu, ndiye makamera amabwera.

Mapeji a "BREAKING"

Anthu akathawa nyuzi za 19 hours sakhala opanda nkhani. Amagwera pa mapeji a Facebook, pa TikTok ndi m'magulu a WhatsApp. Kumeneko malamulo ni ena. Peji imadya ndi kuchuluka kwa anthu oiyangana, ndipo chimene chimabweretsa anthu msanga ni ukali ndi mantha. Nkhani yofatsa ya bajeti ya kanso ingapeze ma like khumi. Chithunzi chakale cha ku dziko lina, chokhala ndi mawu ofiira pamwamba, chimafika ku Chipata dzuwa lisanalowe.

Amene aganiza kuti izi ni zoseketsa chabe akumbukire gassing. Kumayambiriro kwa 2020, mantha a anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku anayambira ku Copperbelt ndi kufalikira dziko lonse. Ma voice note anali kuuluka, anyamata anali kugona panja ndi zibonga. Anthu ambiri anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya chifukwa chowaganizira chabe, ena alendo amene anasochera njira, ena odwala misala. Mau a pa foni anasanduka miyala m'manja mwa anthu.

Nanga oimba?

Pa desiki yanga ya zosangalatsa, ndale sizichoka. Masankho a 2011 sungawakambe popanda "Donchi Kubeba" ya malemu Dandy Krazy. Mu 2016 "Dununa Reverse" inali kulira ngakhale pa ma kitchen party a anthu amene sanavotere chipani chake. Mbali ina kunali Pilato, amene anamangidwa mu 2015 chifukwa cha nyimbo, ndipo kumayambiriro kwa 2018 anathawira ku South Africa "Koswe Mumpoto" itatuluka. Mu June 2020, apolisi atadzaza m'misewu ya Lusaka, iye ndi achinyamata ena anakachitira zionetsero zawo m'thengo, anthu n'kumaonerera pa Facebook. Patsogolo pake Pilato anapatsidwa udindo wa Permanent Secretary mu unduna woona za achinyamata, masewera ndi luso.

Masankho akayandikira, ma studio amayamba kutentha. Woimba ali ndi renti ngati ife tonse, ndipo nyengo ya kampeni ni imene foni yake imalira. Sindimuweruza. Koma womvera wachenjera: akamva biti yabwino amavina, kwinaku afunsa mumtima kuti walipira ndani. Ndipo pamene wayamba kukaikira woimba, mtolankhani ndi wandale pamodzi, chotsala ni remote.

Zimene kulema kunadyera mufana wanga

Apa ndiye pali nkhani imene inanichititsa kulemba zonsezi. Mufana wanga anamaliza Grade 12, ndipo mtima wake uli pa za magetsi. Afuna kukaphunzira ku trades, koma kunyumba ndalama sizikwana.

Pali thumba lochedwa CDF, ndalama zimene boma imatumiza ku constituency iliyonse. Mu 2021 linali K1.6 miliyoni. Mu 2022 linakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 linali K36.1 miliyoni. Kanyama, Chawama, Matero, Mandevu, Munali, Kabwata, Lusaka Central, iliyonse ili ndi gawo lake. Mkati mwa ndalamazi muli ma bursary a ana a ku sekondale ya boarding ndi a achinyamata ofuna kuphunzira maluso, mulinso ma grant ndi ngongole za magulu a amai ndi achinyamata. Mafomu amapitira ku Ward Development Committee, WDC mwachidule.

Mufana wanga anamva za mafomu patapita mlungu umodzi atatseka kulandira. Anamva kwa mnzake wa bola amene anali atapereka kale ake.

"Nenze sinaziba, bakalamba," anandiuza ali kuyangana pansi. "Palibe ananiuza."

Ndinatenga foni yake. Anali kudziwa bwino wandale amene ananyoza mnzake mlungu umenewo, ndi meme iliyonse imene inatulukapo. Dzina la khansala wa ward yathu sanali kulidziwa. Zoona zake, ngakhale ine mtolankhani ndinachita kufunsa amai. Chidziwitso chinali chomata pa notice board, pa pepala limodzi la A4, ndipo palibe peji, wailesi kapena nyuzipepala imene tinali kutsatira imene inachikamba. Chaka chathunthu chinapita ali pakhomo.

Uku ndiye kuipa kwa "chinja channel". Ukali wake ni woona, koma ukazima zonse, umazimira pamodzi phokoso ndi nkhani imene ikanakuthandiza. Ndipo wandale sataya tulo chifukwa iwe waleka kumumvera. Bajeti imapita, ma tender amaperekedwa, mndandanda wa ma bursary umadzaza ndi maina a amene anali pafupi ndi notice board.

Osazima, sankha

Palibe amene akuuza kuti uzikhala pa TV kumvera anthu akunyozana. Koma pali tunthu tung'ono tumene sitifuna bundle yaikulu.

Dziwa dzina la khansala wako ndi kumene WDC ya kwanu imakumana. Ukapita ku kanso kapena ku ofesi ya ward, yangana notice board, jambula ndi foni, tumiza mu gulu la kwanu. Chithunzi chimenecho chingathandize anthu ambiri kuposa ma voice note khumi.

Usanatumize nkhani kwa ena, yangana deti, yangana ngati pali dzina la amene wailemba, ndipo ona ngati wailesi kapena nyuzipepala ina yaikambako. Ngati iko kokha ni kumene ili, idikire mpaka mailo. Nkhani yoona siola.

Ukatuma foni ku pulogalamu ya pa wailesi, usataye talk time kutamanda kapena kutukwana munthu. Funsa funso lokhala ndi nambala: CDF ya chaka chino yagula chiyani mu ward yathu, ni ana angati apatsidwa bursary, kontrakita wa msewu uja analipidwa zingati? Lamulo la Access to Information likupatsa ufulu wopempha zinthu ngati izi ku maofesi a boma. Wandale amazolowera kutukwanidwa. Chimene chimamuvuta ni funso lofuna yankho.

Ndipo kwa ife a nyuzi, ngongole ni yathu. Ngati tili ndi malo a chithunzi cha nduna ili kudula riboni, tili ndi malo a deti yotsekera mafomu.

Mlungu watha ndinabwerera ku barbershop ija. Malaiti kunalibe, wometa anali kusebenzetsa ka makina ka batire, TV ili zii. Mudala uja analipo, ndipo atamva kuti ndilemba nkhani iyi anaseka.

"Ba journalist, mukalembe kuti sitizonda nyuzi," anatero. "Tifuna chabe tizimvelemo naise."

Mufana wanga manje ali ndi nambala ya wapampando wa WDC mu foni. Ma photocopy a NRC ndi ma results a Grade 12 ali mu envelopu ya khaki pansi pa matiresi. Pa Chimodzi paliponse amapita kukayangana notice board, asanayatse data.