Za Tulo ndi Kukumbukira

Abale, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, mudziwa cisoni ca munthu amene anaphunzitsa ana dzulo, napeza lero kuti aiwala. Nanga mau aja amuka kuti?

M'caka ca 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasindikiza zimene anapeza pakudziyesa yekha. Analoweza pamtima timau topanda tanthauzo, naona kuti kuiwala kuthamanga poyamba: pakutha ora limodzi zoposa theka zinatayika, ndipo pambuyo pace zotsalazo zinacoka pang'ono pang'ono.

Koma ciripo cimene cicepetsa kutayikaku, ndico tulo. M'caka ca 1924 John Jenkins ndi Karl Dallenbach, a pa sukulu yaikuru ya Cornell ku America, anayesa anyamata awiri ndi timau totere, khumi pa nthawi imodzi. Atagona maora 8, anyamatawo anakumbukira toposa theka. Koma atakhala maso maora 8, anakumbukira ngati kamodzi kokha.

Cifukwa cace n'ciani? Taganizani za wokolola. Sathira cimanga m'nkhokwe ali m'munda. Ayamba waika m'dengu. M'kati mwa ubongo muli kaciwalo kochedwa hippocampus, kamene kalandira zatsopano za tsikulo monga dengu. M'tulo tatikuru ubongo ubwereza zimenezo, nuzilimbitsa, nuzisamutsira pang'ono pang'ono ku mbali yace ya kunja, ndiyo nkhokwe. M'caka ca 1994 Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anaona ici mwa makoswe: timitsempha ta mu ubongo timene tinagwira nchito pamodzi khoswe alikufunafuna cakudya, tinagwiranso pamodzi iye atagona. Ndiponso mwana wosagona mokwanira afika ku sukulu ndi dengu losakhuthula, ndipo zatsopano zisowa polowa.

Tsono titani? Coyamba, mphunzitsi asaunjike zambiri tsiku limodzi. Aphunzitse zocepa, nazibwereze m'mawa mwace, ndi sabata yamawa. Caciwiri, wophunzira asacezere usiku wonse ndi buku poyandikira mayeso, pakuti potero akolola ndi kusiya dzinthu pabwalo. Cacitatu, inu makolo, goneketsani ana msanga: wa zaka 6 kufikira 12 afunika maora 9 kufikira 12, ndi wamkuru asaperewere pa maora 7.

Musamuyese waulesi mwana wogona pa nthawi yace; pakuti pamene thupi lipuma, ubongo wace ulikututa.